Alandilodi akukana mabatchala, nanga tikagone kuti?

Yamikani: Anzanga a m'gulu muno, ndili ndi funso, mwina ena munakumanapo nazo. Ndikufuna chipinda ku Area 25 kapena ku Senti chifukwa ndayamba ntchito ku Kanengo, ndipo ndalama yonse ikuthera pa minibasi kuchokera ku Chinsapo komwe akundisunga ankolo. Zipinda zilipo ndithu, ndaziona ndi maso anga. Koma likangobwera funso loti "nanga akazi anu ali kuti", basi zonse zasokonekera. Ukati sindinakwatire, nkhope ya alandilodi imasintha pomwepo. Ena amanena mosabisa kuti mabatchala sitilola. Ena amati tikuimbirani, foni osalira. Ndalama ya miyezi itatu ndili nayo m'manja, ndinasonkhanitsa movutikira. Kodi kusakwatira ndi mlandu?

Madalitso: Kkkk takulandira aise, khala pansi. Ife tinazolowera. Ku Area 23 pali mpanda wina analemba ndi makala pageti penipeni kuti "chipinda chilipo, apabanja okha". Ndinaima n'kuwerenga kawiri ngati ndalakwitsa.

Kondwani: Kuno ku Blantyre ndi chimodzimodzi amwene. Koma ine chimene chimandiwawa kwambiri ndi madobadoba. Munthu amakuuza pa Facebook kuti chipinda chilipo ku Chilomoni, cha simenti, magetsi alipo, madzi pampopi panja. Usanachione n'komwe umupatse K5,000 yokuonetsera. Mukwera minibasi, ulipire iwe, ya iyenso. Mukafika, mwini nyumba akukuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu n'kufunsa za mkazi. Dobadoba uja ankadziwa bwinobwino kuti pamenepo batchala salola, koma K5,000 wadya kale. Ukadandaula akuti "tiyeni pena, ndili ndi china ku Mbayani", ndipo ya ku Mbayani ndi K5,000 inanso. Anthu amenewa sakudyera nyumba zopezeka ayi, akudyera nyumba zokanidwa. Batchala ndiye kasitomala wawo wabwino chifukwa amabwerabwera.

Yamikani: Ndendende zimene zinandichitikira. Ndipo chipinda chikapezeka akufunanso theka la lendi ya mwezi ngati komishoni.

Madalitso: Theka ndiye wakuchitira chifundo. Ena amafuna mwezi wathunthu.

Mayi NaPhiri: Ana anga, ndawerenga zonse mwalembazi. Ine ndine mmodzi wa alandilodi mukuwanenawo, ndili ndi zipinda zitatu kuseri kwa nyumba yanga ku Area 36. Ndiloleni ndiyankhepo, musandigende.

Choyamba dziwani kuti ambiri a ife si olemera. Zipinda zangazo ndinamanga ndi ngongole ya banki m'khonde bambo atamwalira, njerwa zowotcha ndekha kumudzi, malata ogula limodzilimodzi. Lendi imeneyo ndiye fizi ya ana, ndiye chimanga, ndiye mankhwala anga a BP. Mwezi umodzi wokha ukadumpha, kwanga kwada.

Tsono mverani. Munthu wapabanja akalowa amabwera ndi bedi, mipando, kabati, ndowa, mwana ali pasukulu ya pafupi, mkazi wake wayamba kale kagulu ndi amayi a pamalopo. Ameneyo ngakhale achedwe kulipira, ndimadziwa kuti sangathawe. Akasamuka afunika galimoto, dera lonse liona. Koma mnyamata katundu wake ndi matiresi, mbaula ndi chikwama. Wina anakhala kwa ine, ali ndi ngongole ya miyezi iwiri, tsiku lililonse "mayi mawa, mayi abwana sanatilipire". Ndinadzuka m'mawa wina kupeza chitseko chili pululu, kiyi ali pazenera, mkati mwatsala botolo la mafuta ophikira lopanda kanthu ndi kalendala pakhoma. Anasamuka usiku pa kabaza. Nambala yake mpaka lero siipezeka. Ndikanakamusaka kuti? Kwawo sindikudziwa, m'bale wake sindinamuonepo.

Ndiye tikamafunsa za mkazi, sikuti tikufuna kudziwa za chikondi chanu ayi. Tikufunsa kuti munthu uyu chomugwira n'chiyani.

Madalitso: Mayi, ulemu wanu, koma apabanja othawa ndi ngongole ine ndawaonapo ambiri. Ena amatumiza katundu pang'onopang'ono kwa achibale, lero mpando, mawa poto.

Mayi NaPhiri: Alipo mwana wanga, sindikukana. Koma amenewo ndimawaona akuyamba. Mpando ukatuluka ndimafunsa.

Yamikani: Mayi ndamva, ndipo zikomo poyankha mosapsa mtima. Koma apa ndiye zija amati nsomba ikawola imodzi zonse zawola. Ine ndikubwera ndi miyezi itatu m'manja. Wothawa uja ndi wina, ine ndine wina. Ndiye miyezi itatu ya patsogoloyo ntchito yake n'chiyani ngati siikukhulupiritsa munthu?

Mayi NaPhiri: Miyezi itatu imatha. Wachinayi ndiye timadziwana.

Komanso sindinamalize. Pali nkhani ya chiwerengero. Mnyamata amabwera yekha, mumagwirizana kuti ndi munthu mmodzi. Pakatha milungu ingapo kwabwera mng'ono wake wochokera kumudzi kudzafuna ntchito. Kenako mnzake amene wathamangitsidwa kwina. Ukamadzazindikira m'chipinda cha munthu mmodzi mukugona anayi, onse akusamba pampopi womwewo, onse chimbudzi chomwecho, ndipo chimbudzi chokumba chikadzaza wolipira opopa ndine. Bilu ya madzi timagawana pa khomo pa khomo, ndiye apabanja a chipinda chinacho amayamba kudandaula kuti bwanji tikulipira mofanana ndi khomo la anthu anayi akuluakulu. Mkangano wonsewo umagwera ine.

Tadala: Mayi anenapo zoona pa nkhani ya mpanda, ndipo anyamata muvomereze chimodzi. Pamalo pamene ndimakhala ku Kawale tili makomo asanu, tinalemba ndandanda ya kusesa pabwalo ndi kutsuka bafa ndi chimbudzi, ili pachitseko cha bafa. Tsiku la anyamata a khomo lomaliza likafika, amadzuka 5 koloko n'kuzimiririka. Madzulo akuti tinaiwala. Mapeto ake timatsuka ndife atsikana ndi amayi apabanja chifukwa sitingasambe mu ndere. Landilodi akaona zimenezo, chipinda chija chikadzatsala mukuganiza adzapatsa ndani?

Madalitso: Asisi musatiphatikize tonse, ine ndimatsuka.

Tadala: Ndiye ndinu oyamba kkkk. Koma ndisanamizire kuti ife zathu zili bwino. Mtsikana wokhala yekha amapeza chipinda msanga, inde, koma akalowa amakhala ngati ali pa sukulu yogonera. Ukafika usiku kuchokera ku ntchito, mawa lake dera lonse lamva kuti ndiwe woyendayenda. Mchimwene wako weniweni akabwera kudzakuona, akufunsidwa ngati wakuba. Anyamata amakukanani pageti, ife amatilowetsa kenako n'kumatilondera. Kaya chabwino n'chiti.

Kondwani: Pali chifukwa china chimene mayi sananene koma tonse tikuchidziwa. Ana aakazi.

Mayi NaPhiri: Ndinachisiya dala, koma poti mwachitchula. Eya. Ndili ndi mwana wamkazi ali Fomu 3. Bafa ndi limodzi, lili panja, amadutsa pakhomo pa tenanti atamanga chitenje. Inu mukadzabereka mudzandimvetsa.

Yamikani: Koma mayi, amuna apabanja ndiye sayang'ana? Nkhani zambiri zimene timamva za ana asukulu opatsidwa mimba, eni ake amakhala azibambo a mabanja awo, a ndalama zawo. Mnyamata wolandira K120,000 angapusitse ndani?

Mayi NaPhiri: Wapabanja ali ndi mlonda wake m'nyumba, ndi mkazi wakeyo. Ntchito yolondera amandithandiza.

Madalitso: Kkkkkk mayi mwapambana.

Gondwe: Ndalowa mochedwa, ndimaphunzitsa kuno ku Mzuzu. Ine ndikuona kuti mukukangana anthu awiri amene nonse mwapanikizidwa ndi chinthu chimodzi. Landilodi amasankha chifukwa ofuna chipinda ndi ambiri. Akanakhala kuti chipinda chake chikhala miyezi iwiri chopanda munthu, funso la mkazi silikanabwera n'komwe.

Taonani m'mene mizinda yathu inakulira. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mumzinda wa Lilongwe, 800,264 mu Blantyre, ndipo kuno ku Mzuzu 221,272. Lilongwe yemweyu anakhala likulu mu 1975 ali katauni chabe. Ndipo ochuluka mwa obwera m'tauni ndi achinyamata, ambiri osakwatira, ofuna ntchito kapena sukulu. Tsono funsani kuti ndani anawamangirapo nyumba anthu amenewa. Malawi Housing Corporation inakhazikitsidwa mu 1964, ndipo nyumba zake zimene timazidziwa, za ku Area 18, Nkolokosa, Chitawira, Kanjedza, ndi nyumba za banja: zipinda ziwiri kapena zitatu, pabalaza, khitchini. Anamangira munthu wa ntchito yokhazikika wokhala ndi mkazi ndi ana. Kwina konse, ku Kawale, Biwi, Mchesi, Ndirande, Chibavi, anthu anapatsidwa kapena kudzipezera mapuloti n'kumanga okha. Zipinda za lendi zimene mukuzilimbiranazi ndi zija eni mapuloti anawonjezera kuseri, monga mayi anenera. Ndiye kuti msika wonse wa chipinda chimodzi uli m'manja mwa anthu amene akukhala pompo, pabwalo limodzi ndi tenanti, bafa limodzi. Munthu wotero akusankha woti azikhala naye pakhomo, n'chifukwa chake mafunso ake amakhala ngati a ankhoswe.

Kumudzi nkhaniyi inali ndi yankho lake. Mnyamata akakula sankagonanso m'nyumba ya makolo, ankapita kugowelo, kwathu kuno timati mphala, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti anyamata malo awo ndi amenewo mpaka adzakwatire. M'tauni tinabweretsa mwambo woti mnyamata wamkulu achoke pa makolo, koma malo oti apiteko sitinamange.

Kondwani: Aphunzitsi mwalasa. Ndipo komwe kuli nyumba zoti mwini wake sakhala pompo, monga ma bedsitter atsopano a ku Machinjiri kapena ku Chileka Road, safunsa za mkazi. Amafunsa ndalama basi. Koma mtengo wake ndi wa munthu wa ku banki.

Madalitso: Eya, ukakhala ndi K200,000 pamwezi ndiwe "bwana", ukakhala ndi K50,000 ndiwe "batchala". Munthu yemweyo.

Thoko: Kuno ku Zomba zili mwina. Ku Chikanda batchala ndiye amafunidwa, bola akhale wa pa yunivesite. Eni nyumba anazindikira kuti chipinda chimodzi akaikamo mabedi osanjikiza, ana asukulu anayi aliyense n'kulipira payekha, amapeza kuposa kubwereketsa kwa banja. Ndiye mabanja ndi amene akutulutsidwa. Koma mnyamata wamba, woti amagwira ntchito mu shopu m'tauni kapena wa kabaza, sangapikisane ndi mabedi anayi. Amathawira ku Chinamwali kapena kupitirira.

Gondwe: Ku Luwinga pafupi ndi Mzuni ndi zomwezo. Semesita ikayamba mitengo imakwera dera lonse.

Kondwani: Ifenso madera oyandikira mayunivesite a MUBAS ndi KUHeS, Chitawira, Naperi, mpaka ku Zingwangwa, ma boys quarter onse anasanduka mahositelo. Apa ndiye mukuona kuti nkhani ya makhalidwe ija imatha ndalama ikachuluka. Ana asukulu anayi saphokosera kuposa mnyamata mmodzi wogwira ntchito?

Mayi NaPhiri: Ana asukulu ali ndi makolo amene amalipira, ndipo sukulu yawo imadziwika. Mwabwereranso pa mawu anga aja.

Madalitso: Yami aise, njira ilipo yachidule. Bwereka mkazi. Tenga msuweni wako, amange chitenje, abereke kamwana ka neba kumbuyo, mupite limodzi kukaona chipinda. Ukalowa walowa.

Kondwani: Ayi ayi, musamunamize mwana. Mnzanga wina wa ku Bangwe anachita zimenezo. Anatenga mlongo wa mnzake wa kuntchito, anapita, mayi a nyumba anasangalala, mpaka anamupatsa "mkaziyo" nthochi zoti akadye panjira. Analowa. Sabata yoyamba, "alamu abwera liti?" Akuti ali kumudzi ku Thyolo akukolola. Mwezi watha, "kukolola sikunathe?" Akuti amayi awo akudwala. Mayi aja mpaka anayamba kumuphikira ndiwo pomumvera chisoni kuti mwamuna akuvutika yekha, anamutchulanso ku mapemphero a amayi a Lachinayi. Tsono tsiku lina kunabwera chibwenzi chake chenicheni, mtsikana waulemu wake, atanyamula kaphukusi ka ufa. Mayi aja anamuimitsa pageti ndi tsache m'manja: iwe ndiwe amene ukupasula banja la mwana wanga uja? Dera lonse linatuluka. Mtsikanayo anamva pomwepo kuti mwamuna wake "ali ndi mkazi ku Thyolo". Mnzanga anataya chibwenzi ndi chipinda sabata imodzi, ndipo ndalama ya mwezi wotsalawo sanabwezeredwe.

Tadala: Kkkkkk ndalira. Nthochi zija zinamutsamwa.

Madalitso: Ameneyo analakwitsa pulani, akanatenga chibwenzi chenichenicho poyamba pomwe.

Tadala: Ndiye mtsikana akavomera kunamizira kukhala mkazi wako pamaso pa landilodi, mawa akabwera ndi chikwama chake udzamuuza chiyani? Ambiri alowa m'banja mwanjira imeneyo, opanda chinkhoswe, opanda kudziwitsa akwawo. Ukafunsa kuti munakwatirana liti, akuti tinkangofuna nyumba.

Chisomo: Ine nkhani yoti "kwatirani kaye" imandipsetsa mtima. Ndikwatire ndi chiyani? Malipiro otsikitsitsa amene boma linalengeza mu 2024 anali K90,000 pamwezi, ndipo ambiri a ife a m'mashopu, alonda, a m'mafakitale tinkazungulira pamenepo. Chipinda chooneka bwino cha magetsi chikudya theka kapena kuposa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti inakwera, malata anakwera, alandilodi onse anakweza lendi, koma malipiro anatsalira m'mbuyo. Akuchikazi ukapita kukafunsira amafunsa kuti mwana wathu mukamusunga kuti. Ukapita kofuna pomusungapo akufunsa kuti mkazi ali kuti. Uyambire pati? Ine zaka 29, ndikugonabe pabalaza pa achimwene anga ku Mtandire. Ndimadikira onse amalize kuonera TV kuti ndiyale matiresi, ndipo 5 koloko ndikhale nditapinda alamu asanayambe kukolopa. Alamu ndi munthu wabwino, sananenepo kanthu, koma mwana wawo wamng'ono anandifunsa tsiku lina kuti ankolo kwanu n'kuti.

Yamikani: Eee amwene, zimenezo ndiye zanga. Kwa ankolo ndimagona ndi matumba a chimanga.

Mayi NaPhiri: Chisomo mwana wanga, zandikhudza. Koma pa kukweza lendi musatione ngati adani. Thumba la simenti limene ndinagula pomanga, lero mtengo wake ndikaumva ndimakhala pansi. Khoma likang'ambika ndikonza ndi chiyani?

Chisomo: Sindikukunenani inu mayi. Koma ena amakweza popanda kukonza kalikonse. Denga likudontha chaka chachitatu, lendi yakwera kawiri.

Limbani: Moni kuchokera ku Joni. Kuno funso la mkazi kulibe, mwini nyumba amangofuna ndalama yake pa 1. Koma musasirire. Anyamata athu ambiri mu Johannesburg akugona chipinda chimodzi anthu angapo, chogawa ndi makatani, aliyense kulipira malo a bedi lake. Ena m'tizisakasa ta malata kuseri kwa nyumba za eni dziko. Kusiyana kwake n'koti kuno kugawana chipinda ndi poyera, mwini nyumba amawerenga mitu n'kutchula mtengo. Kumudziko timabisa, ndiye mikangano.

Gondwe: Mfundo ya a Limbani ndi yofunika. Anyamata awiri akapita poyera n'kunena kuti tikhala awiri, mayina athu ndi awa, madzi tilipira a anthu awiri, mwina eni nyumba ena angavomere kusiyana n'kuti azidzazindikira okha.

Mayi NaPhiri: Ine ndingavomere awiri onena zoona kusiyana ndi mmodzi wonama.

Kondwani: Pali china chimene sitinakhudze, ndipo kwa ine ndicho chachikulu. Mnyamata akakanidwa m'mipanda yabwino sabwerera kumudzi. Amapita komwe safunsa mafunso, ndipo komwe safunsa mafunso ndi kumene nyumba zake palibe wina angazifune. M'mphepete mwa Nasolo ku Ndirande, m'mapiri mwa Soche ndi Chilobwe momwe nyumba zinakwera mpaka kumtunda, zidina zosawotcha, maziko a dothi. Namondwe Freddy atabwera mu Malichi 2023 tonse tinaona zimene madzi ndi miyala zinachita ku Chilobwe ndi ku Manja. Pitani lero mukaone, m'malo ena oopsa omwewo anthu akuchitabe lendi, chifukwa ndiko kotsika mtengo. Ine ndinakhalapo m'chipinda china chakumtunda ku Ndirande, mvula ikagwa usiku ndinkakhala tsonga n'kumamvetsera phiri. Khoma lakumbuyo linkatuluka thukuta, matiresi ndinkaika pa mapaleti. Landilodi wake sanandifunsepo za mkazi ngakhale tsiku limodzi, ndipo naye sankagona pamenepo.

Chisomo: Ku Mtandire kumunsi kufupi ndi Lingadzi ndi chimodzimodzi. Chilimwe zipinda zake zimaoneka bwino, mtengo wabwino. Funsani aneba kuti madzi amafika pati Febuluwale.

Tadala: Malangizo abwino amenewo. Chipinda muziyang'ana m'munsi mwa khoma, mzere wa madzi subisika ngakhale apake laimu.

Yamikani: Ndiye nditani anthuni? Chifukwa ku Area 25 nthawi ya fodya ikayandikira, okushoni ikatsegulidwa ku Kanengo, zipinda zimasowa kwambiri, anthu a ntchito za nyengo amadzaza Mgona ndi Senti yonse.

Mayi NaPhiri: Ndikuuzeni zimene zimandifewetsa mtima ine, kaya anzanga. Osabwera ndi dobadoba. Dobadoba ndikamuona ndimadziwa kuti munthuyu palibe amene akumudziwa m'dera lino. Bwerani ndi munthu wamkulu. Mwati mukukhala kwa ankolo anu, atengeni amenewo Loweruka, adzakhale pampando, tidziwane, andipatse nambala yawo, andiuze kuti mwana uyu akavuta mundiimbire ine. Kapena mkulu wa mpingo, kapena wa kumzikiti, kapena kalata ya kuntchito yokhala ndi chidindo. Ndikatero ndadziwa kuti muli ndi kwanu.

Yamikani: Mayi, ndiye chipinda cha K55,000 mpaka ankhoswe? Ine ndine wamkulu, ndili ndi chitupa cha unzika, ndimalipira msonkho. Wapabanja amabwera ndi ankolo ake?

Mayi NaPhiri: Chitupa sichiyankha foni mwana wanga.

Chisomo: Ine ndili mbali ya Yamikani. N'zochititsa manyazi kuti bambo wa ndevu zake akaperekezedwe ngati akukayamba Sitandade 1. Koma poti tilibe mphamvu, tipita nawo ankolowo. Kungoti tisamanamizane kuti ndi chilungamo. Nanga amene alibe m'bale m'tauni, wangochokera ku Nsanje kapena ku Chitipa, atenga ndani?

Gondwe: Ameneyo ndiye amathera kwa dobadoba ndi kumtsinje kuja. Njira ina imene ndaona ikugwira ntchito kuno ndi ya kusiyirana. Mnyamata amene wakhala bwino pamalo akamasamuka, amapereka mnzake kwa landilodi, iye n'kukhala mboni. Aphunzitsi achinyamata kusukulu kwathu chipinda chimodzi cha ku Chiputula chadutsa m'manja mwa anthu angapo motero, mwini wake safunanso kulengeza. Gulu ngati lino likhoza kuchita zomwezo. Amene akusamuka azinena muno asanauze dobadoba.

Madalitso: Zoona, koma tisamapereke anthu osawadziwa. Ukapereka munthu n'kuthawa ndi ngongole, dzina loipa ndi lako.

Tadala: Ndipo mukapeza, lembani pepala. Ngakhale la mu kope, bola pakhale mtengo, tsiku lolipira, notisi ya mwezi umodzi mbali zonse, ndi m'mene mugawanire madzi ndi magetsi, nonse musaine ndi mboni. Ndalama muzitumiza pa Airtel Money kapena Mpamba kuti uthenga ukhale umboni, ndipo osatumiza kwa munthu amene simunamuone akutsegula chitsekocho ndi kiyi wake. Mnzanga analipira miyezi itatu kwa munthu amene anadzapezeka kuti naye ndi tenanti wotuluka. Mukakangana, pepala lomwelo ndi limene mumapita nalo kwa amfumu a dera.

Kondwani: Pa magetsi ndiye pamafunika kumvana zenizeni. Mita imodzi makomo asanu, mayunitsi akatha 8 koloko usiku aliyense amatuluka n'kuyang'ana khomo la batchala. Pomwe ine ndili ndi babu limodzi ndi tchaja ya foni, tsiku lonse ndili kuntchito. Khomo linalo kuli firiji ya mafiriziesi ogulitsa, TV kuyambira m'mawa, koma posonkha tinkasonkha mofanana. Apa ndiye batchala amadyeredwa, ndipo palibe amene amanena.

Mayi NaPhiri: Babu limodzi ndi tchaja, ndi hotipuleti yobisa pansi pa bedi. Mumayesa sitidziwa? Nyemba zikamabwata pa magetsi mita imathamanga, ndipo nyali za m'nyumba mwanga zimaphethira.

Madalitso: Kkkkk mayi inu munali apolisi kapena?

Kondwani: Yankho lake ndi kamita kakang'ono ka khomo lililonse, amagulitsa m'mashopu a zamagetsi ku Limbe, wa zamagetsi wodziwa ntchito amalumikiza. Aliyense alipire zimene wagwiritsa. Pamalo pamene ndili pano tinasonkherana tinaika, mikangano inatha, ndipo zinapezeka kuti wodya kwambiri anali landilodi mwini wake.

Mayi NaPhiri: Ameneyo ndi wanu wa ku Blantyre. Ine timamita timeneto ndinafunsapo mtengo, ndidzaika ndikadzamaliza ngongole ya banki m'khonde. Pakadali pano kwa ine lamulo ndi lomwelo, kuphika ndi pa mbaula panja, hotipuleti ayi, kaya ndinu batchala kaya muli ndi akazi awiri.

Madalitso: Nanga ayironi mayi? Malaya a kuntchito.

Mayi NaPhiri: Ya makala ilipo, ndimabwereketsa. Makala anu.